Kusankha galu woyenera pakhomo pamene pali ana

Kuchuluka kwa umbava wa mbuzi, nkhuku ndi chimanga cha m'nkhokwe kwachititsa mabanja ambiri a m'midzi ndi m'malo ochitira malonda kuganiza zoweta galu. Kale munthu ankangopempha kagalu kwa mnansi wake, mwina n'kuthokoza ndi kankhuku. Lero agalu akugulitsidwa pa mtengo wokwera, ndipo m'mphepete mwa misewu ya m'mizinda mumapeza anyamata atanyamula tiagalu m'manja, kalikonse akukatchula kuti ndi ka mtundu wachizungu.

Pa ntchito yanga yoyendera alimi, ambiri amandifunsa kuti galu woopsa kwambiri ndi wa mtundu wanji. Ine ndimayamba ndawafunsa kuti pakhomo pawo pali ana angati, nanga wamng'ono ali ndi zaka zingati. Mbava imabwera mwina kamodzi pa chaka, mwinanso osabwera n'komwe, pamene mwana amakhala ndi galuyo tsiku ndi tsiku kwa zaka 10 kapena kuposerapo. Galu amene angagwetse pansi munthu wamkulu, mwana wa zaka 3 angamuchite zoopsa kwambiri. Choncho sabata ino tiyeni tione zoyenera kuganizira banja lisanabweretse galu pakhomo.

Ntchito ya galuyo ndi yotani?

Choyamba, alimi anzanga, dziwani ntchito imene mukufuna kuti galuyo azigwira. Pa makomo ambiri ntchito yaikulu ya galu ndi kuuwa usiku kuti eni nyumba ndi anansi adzuke. Mbava imadalira mdima ndi bata, ndipo ikamva kuti pakhomo pali phokoso kawirikawiri imapita kwina. Ntchito imeneyi galu wa makilogalamu 15 amaigwira bwino lomwe ngati galu wa makilogalamu 60.

Ena amafuna galu wothamangitsa anyani ndi apusi m'munda chimanga chikayamba kukhwima, ena woperekeza ana kobusa mbuzi, enanso wogwira makoswe kuzungulira nkhokwe. Ntchito zonsezi zimafuna galu wopepuka, wopirira dzuwa ndiponso womvera. Ndi makomo ochepa amene amafunikadi galu wamkulu wolimbana ndi munthu, ndipo galu wotere amafuna mpanda wolimba wa njerwa ndi munthu wamkulu wodziwa kumulamula.

Ganiziraninso za malo anu. M'mudzi makomo ambiri alibe mpanda, njira yopita ku mjigo kapena ku sukulu imadutsa pabwalo panu, ndipo ana a anansi amalowa osaodira. Galu wanu akaluma mwana wa mnzanu kapena kupha mbuzi yake, mlandu umagwera inu mwini, kaya kwa amfumu kaya ku khoti.

Mtundu sunena zonse

Mtundu wa galu umatiuza kukula kwake, ubweya wake, chakudya chimene angamalize, ndi ntchito imene makolo ake ankagwira. Koma pa nkhani ya khalidwe, mtundu umanena zochepa kusiyana ndi mmene ogulitsa agalu amanenera. M'chaka cha 2022 akatswiri a ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa agalu oposa 18,000 m'magazini ya Science. Anapeza kuti mwa kusiyana konse kwa khalidwe pakati pa galu ndi galu mnzake, mtundu umafotokoza magawo 9 okha mwa magawo 100. Izi zikutanthauza kuti agalu awiri a mtundu umodzi akhoza kukhala osiyana kutalitali, wina wofatsa wina wolusa.

Nanga n'chifukwa chiyani tikukambabe za mitundu? Chifukwa galu aliyense akhoza kuluma tsiku lina akawawidwa kapena akadzidzimuka, ndipo tsiku limenelo kukula kwa nsagwada zake ndi kumene kudzanene ngati mwana adzangokandika kapena adzagonekedwa m'chipatala.

Mitundu imene imapezeka kuno

Galu wa lokolo. Ameneyu ambiri amamupeputsa, komatu wakhala ndi anthu a mbali ino ya Africa kwa zaka mazana ambiri, ndipo akatswiri a ku South Africa anamupatsa dzina loti Africanis. Ambiri amene ndimawaona m'midzi amalemera pakati pa makilogalamu 12 ndi 20. Ubweya wake ndi waufupi, amapirira kutentha, amadya pang'ono ndipo matenda a nkhupakupa samugwetsa msanga ngati agalu ochokera kunja. Amamva msanga mgugu wa mlendo usiku. Akakulira pamodzi ndi nkhuku ndi mbuzi amaziona ngati za pakhomo. Amene timamuona ali woonda, wamantha ndi wakuba m'miphika ndi galu amene sapatsidwa chakudya ndiponso amangogendedwa. Mukamudyetsa ndi kumusamala mudzadabwa maonekedwe ake.

German Shepherd. Ena amamutcha Alsatian, ndipo anthu ambiri amamudziwa ngati galu wa apolisi. Mtunduwu unakhazikitsidwa ku Germany m'chaka cha 1899 ndi msilikali wina dzina lake Max von Stephanitz, ndipo ntchito yake yoyamba inali kubusa nkhosa. Wamwamuna amalemera makilogalamu 30 mpaka 40, wamkazi 22 mpaka 32. Ndi wanzeru, amaphunzira msanga ndipo amakonda anthu a pakhomo pake. Vuto lake ndi ubweya wambiri, umene umamuvutitsa m'madera otentha monga Nsanje, Chikwawa, Salima ndi Karonga, komanso umabisa nkhupakupa. Ku Dedza, Ntcheu, Thyolo kapena Mzuzu amakhala bwinoko. Mtunduwu umadwala kwambiri ukagwidwa ndi matenda a nkhupakupa, ndipo agalu ena amavutika m'chiuno akamakula. Akamangokhala womangidwa popanda chochita amasanduka wovuta.

Rhodesian Ridgeback. Uyu ndi wa kufupi kuno. Malamulo a maonekedwe ake analembedwa ku Bulawayo, m'dziko limene tsopano ndi Zimbabwe, m'chaka cha 1922. Mumamudziwa ndi mzere wa ubweya wa pamsana umene umaloza kumutu pamene ubweya wina wonse ukuloza kumchira. Alenje ankamugwiritsa ntchito potsata mkango ndi kuutsekereza mpaka iwo atafika. Amalemera makilogalamu pakati pa 30 ndi 40, ubweya wake ndi waufupi ndipo dzuwa lathu amalipirira. Sauwa mwachisawawa. Koma amakonda kuthamangitsa chilichonse chothawa, ndipo posewera akhoza kugwetsa mwana wongoyamba kuyenda. Amayenera pa famu kapena pakhomo pa mpanda waukulu pamene ana ndi okulirapo.

Boerboel ndi Rottweiler. Boerboel ndi galu wolondera mafamu wa ku South Africa, ndipo wamwamuna amatha kupitirira makilogalamu 60. Rottweiler anachokera ku tauni ya Rottweil ku Germany kumene ankakusa ng'ombe za ogulitsa nyama, ndipo wamwamuna amafika makilogalamu 50. Alipo mabanja amene amaweta agaluwa mwamtendere. Komabe galu wolemera kuposa mayi wa pakhomo sangagwidwe ndi munthu mmodzi akaganiza zothamangira mwana wa mnansi. Ine sindilangiza banja la ana aang'ono, lopanda mpanda wa njerwa, kapena limene silinawetepo galu wamkulu, kuti liyambe ndi mitundu imeneyi.

Labrador. Makolo ake anachokera ku Newfoundland ku Canada kumene ankathandiza asodzi, ndipo mtunduwu unakonzedwa ku Britain. Amalemera makilogalamu 25 mpaka 36. Amadziwika ndi kufatsa, moti m'maiko ena amaphunzitsidwa kutsogolera anthu osaona. Kwa ana ndi mnzawo wabwino, koma pa ulonda musamudalire kwambiri chifukwa ambiri amakondwera ndi mlendo aliyense. Ndi wosusuka, ndipo galu wotola chilichonse pansi savuta kuphedwa ndi nyama yothira tameki.

Jack Russell. Kagalu aka kamalemera makilogalamu 6 mpaka 8 basi. Dzina lake linachokera kwa m'busa wina wa ku England, John Russell, amene m'zaka za m'ma 1800 ankaweta tiagalu tolowa kuuna kukatulutsa nkhandwe. Pogwira makoswe ndi pouwa kalibe mnzake, komanso kamadya pang'ono. Koma kamakumba m'dimba, kamapha anapiye ngati sikanazolowere, ndipo sikalekerera mwana wokoka makutu ake.

Pit bull. Makolo a mtundu uwu ankawetedwa kuti azimenyana ndi ng'ombe zamphongo komanso agalu anzawo. Dziko la Britain linakhazikitsa lamulo loletsa kuswanitsa ndi kugulitsa mtunduwu m'chaka cha 1991. Pakhomo pa ana komanso pa ziweto, musiyeni.

Dziwaninso kuti agalu ambiri amene amagulitsidwa ndi mayina awa ndi osakanizika. Kusakanizika pakokha si vuto. Mwana wa galu wa lokolo ndi German Shepherd kapena Ridgeback kawirikawiri amakhala wa msinkhu wabwino ndi wolimba. Cholakwika ndi kulipira mtengo wa mtundu weniweni pa kagalu kamene makolo ake simunawaone.

Werengerani matumba a chimanga

Galu ndi pakamwa pena pakhomo, ndipo mlimi ayenera kumuwerengera monga mmene amawerengera anthu poona ngati chimanga chifika mwezi wa March. Mphamvu ya m'chakudya imayezedwa m'makalori. Galu wamkulu msinkhu wa makilogalamu 15 amafuna makalori pafupifupi 850 pa tsiku, wa makilogalamu 35 amafuna 1,600, pamene wa makilogalamu 65 amafuna 2,500. Kilogalamu imodzi ya ufa wa mgaiwa ili ndi makalori pafupifupi 3,600. Tikayerekeza kuti mphamvu yonseyi ikuchokera ku ufa, galu woyamba uja amamaliza makilogalamu 86 pa chaka, amene sakwana matumba awiri a makilogalamu 50. Wachiwiri amamaliza makilogalamu 162, kupitirira matumba atatu. Wachitatu amamaliza matumba asanu. Mabungwe ogawa chakudya pa nthawi ya njala amawerengera munthu mmodzi makalori 2,100 pa tsiku, kutanthauza kuti Boerboel wamkulu amadya kuposa munthu. Walira mvula walira matope.

Nsima yokha sikwanira. Galu wamkulu amafuna chakudya chimene magawo 18 mwa 100 ndi zomanga thupi, ndipo kagalu kokula kamafuna magawo 22 kapena kuposerapo, pamene chimanga chili ndi magawo 9 okha. Pakhomo mungathe kusakaniza, poyeza pa sikelo, magawo 7 a mgaiwa, magawo 2 a soya wokazinga ndi kugaitsa, ndi gawo limodzi la usipa kapena matemba osinja. Msakanizo umenewu umafika pafupi ndi magawo 20 a zomanga thupi. Phikani phala lolimba, thiranimo masamba ophika ndi mafuta pang'ono. Kwa tiagalu onjezerani nsomba kapena dzira lophika. Nsomba zing'onozing'ono zosinja ndi minga yomwe zimalimbitsa mafupa. Soya wosakazinga amavutitsa m'mimba.

Musapatse galu mafupa a nkhuku ophika chifukwa amasweka mosongoka n'kubaya matumbo. Anyezi wambiri amaononga magazi ake. Chachikulu, musamutayire chimanga kapena mtedza wa chuku poganiza kuti galu ndi galu. Poizoni wa chuku amaononga chiwindi, ndipo m'chaka cha 2024 boma la Zambia linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya chochokera ku chimanga chokhala ndi poizoni ameneyu. Madzi oyera azikhalapo nthawi zonse pamthunzi.

Galu wanjala ndi amene amalanda mbatata m'manja mwa mwana, ndipo ana ambiri amalumidwa pa zala ndi kumaso mwa njira imeneyi. Ngati nkhokwe yanu singathe kudyetsa galu wamkulu mpaka nthawi yokolola, tengani wamng'ono.

Posankha kagalu

Pitani nokha kumene kagaluko kanabadwira. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Kagalu ka pamsewu kamaoneka kokongola chifukwa kasambitsidwa, koma simudziwa make, msinkhu wake weniweni, ngakhale matenda amene kanyamula.

Mukafika, yang'anani make. Ngati akuuwa pang'ono kenaka n'kukhala chete mwini wake akamulankhula, ndi chizindikiro chabwino. Ngati akulumphira anthu atamangidwa pa tcheni, kapena akubisala uku akunjenjemera, ana ake akhoza kutengera. Funsani za bambo wake, ndipo funsaninso anansi ngati agalu a pakhomopo analumapo munthu.

Kagalu kasachoke kwa make kasanakwane masabata 8. Pa masabata amenewa kamaphunzira kwa make ndi abale ake kuti kuluma kumawawa, ndipo kamadziwa malire posewera. Tiagalu tolandidwa kwa make pa masabata 4 kapena 5 timafa kawirikawiri, ndipo topulumuka timakula tili tamantha kapena tolusa.

Khalani pansi muombe m'manja pang'ono. Sankhani kagalu kamene kakubwera kokha kudzakununkhizani ndipo kakulola kunyamulidwa. Siyani kamene kakuthawira kuseri osatulukanso, komanso kamene kakupondereza anzake onse n'kumaluma mwamphamvu mukakagwira. Maso akhale oyera opanda manthongo, mphuno yopanda mamina, nkhama zofiirira bwino osati zotuwa, khungu lopanda mphere, ndipo kumbuyo kusakhale zizindikiro za kutsegula m'mimba. Mimba yotupa pa kagalu koonda ndi chizindikiro cha njoka za m'mimba. M'nyengo ya dzinja papasani khungu kuti muone ngati mulibe mphutsi.

Nanga wamwamuna kapena wamkazi? Wamwamuna amakula kwambiri ndipo amasowa pakhomo masiku angapo akamva fungo la wamkazi, kumeneko n'kumakamenyana ndi agalu osadziwika. Wamkazi amafuna amuna pafupifupi kawiri pa chaka kuyambira ali ndi miyezi 6 mpaka 12, amakhala ndi bere masiku 63, ndipo akaswa amalusa poteteza ana ake. Mavuto onsewa amachepa galu akathenedwa kapena kutsekedwa ndi a vetenale. Galu wothena sasiya kulondera monga ena amaganizira. Ku Lilongwe bungwe la LSPCA limagwira ntchito yotseka ndi kutemera agalu komanso limapezera makomo agalu osowa eni. Galu wamkulu kale wa mbiri yodziwika, amene anakhalapo bwino ndi ana, ndi wabwinonso kutenga.

Chiwewe

Palibe mtundu wa galu, wa lokolo kapena wachizungu, umene sugwidwa chiwewe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onse amatenga matendawa kwa galu, ndipo 40 mwa anthu 100 aliwonse ndi ana osakwana zaka 15. Ana ndi amene amasewera ndi agalu, amalumidwa kumutu ndi m'khosi chifukwa cha kufupika, ndiponso amabisa bala poopa kukalipiridwa.

Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu. Kakalowa pa bala kamayenda m'mitsempha pang'onopang'ono kulowera ku ubongo. Kawirikawiri pamatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti zizindikiro zioneke, ngakhale nthawi zina ndi sabata imodzi yokha, nthawi zina mpaka chaka. Bala likakhala pafupi ndi mutu matenda amafulumira. Zizindikiro zikangooneka, monga kuopa madzi ndi kusokonezeka mutu, munthuyo sachira. Koma akalandira katemera msanga atangolumidwa amapulumuka. Katemera woyamba anamupanga Louis Pasteur wa ku France, ndipo woyamba kupulumutsidwa naye m'chaka cha 1885 anali mnyamata wa zaka 9. Tsiku limene Pasteur anamwalira, 28 September, ndi limene dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe.

Kagalu kalandire katemera wa chiwewe kakakwana miyezi itatu, ndipo muzibwereza chaka chilichonse. Pa nthawi ya katemera wa agalu onse m'dera lanu, pititsani ngakhale kamene sikanakwane msinkhuwo kuti alangizi akaone. Sungani chiphaso cha katemera pamodzi ndi mabuku a kuchipatala a ana. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse a m'dera akatemeredwa, chiwewe chimaleka kufalikira. Izi n'zotheka kuno kwathu: m'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies linatemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre pa masiku 20 okha.

Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, ngakhale ndi galu wa pakhomo, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, pakanipo sipiliti kapena ayodini ngati alipo, ndipo pitani ku chipatala tsiku lomwelo. Musamange balalo mothina, musathirepo tsabola, dothi kapena phulusa la ubweya wa galuyo. Dziwitsani alangizi a ziweto. Ngati galuyo akuoneka wabwinobwino, atsekeredwe ndi kuyang'aniridwa kwa masiku 10, koma mwana asadikire masikuwo kuti ayambe chithandizo. Jakisoni amabayidwa kangapo pa masiku osiyana, ndipo nkofunika kumaliza onse. Galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akutuluka dovu kapena akuluma mitengo ndi miyala, musamuyandikire ndipo musayese kumutsegula kukamwa poganiza kuti watsamwa fupa.

Matenda ena okhudza ana

Tiagalu tambiri timabadwa ndi njoka za m'mimba zochokera kwa make. Mazira a njokazi amatuluka ndi chimbudzi cha galu n'kukhala m'dothi nthawi yaitali, ndipo mwana wokwawa amene amadya dothi akhoza kuwameza. Patsani kagalu mankhwala a njoka pakatha masabata awiri aliwonse mpaka katakwana miyezi itatu, kenaka mwezi uliwonse mpaka miyezi 6, ndipo pambuyo pake kamodzi pa miyezi itatu iliyonse. Chotsani chimbudzi cha galu pabwalo m'mawa uliwonse n'kuchitaya m'chimbudzi chokumba. Ana azisamba m'manja ndi sopo akatha kusewera ndi galu, ndipo galu asamanyambite mbale zodyera anthu.

Matenda a parvo, amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba mwa magazi, amapha tiagalu tambiri m'masiku ochepa. Katemera wake, amene amatetezanso ku matenda a distemper, amayamba pa masabata 6 mpaka 8 ndipo amabwerezedwa kawiri motalikitsa masabata atatu kapena anayi. Mtengo wa katemerayu uwerengereni musanagule kagalu.

Pa nkhupakupa ndi utitiri gwiritsani ntchito mankhwala olembedwa kuti ndi a agalu, pa mlingo umene alangizi anena. Dibi wa ng'ombe wosungunulidwa mongoyerekeza wapha agalu ambiri. Botolo la mankhwala lisungidwe kutali ndi ana, ndipo mwana asagwire galu mpaka ataumiratu.

Kulera galu pamodzi ndi ana

M'mera mpoyamba. Kuyambira masabata 3 mpaka 14, kagalu kamalandira chilichonse chimene kakuona ngati chinthu cha masiku onse. Mukangokatenga, kazolowetseni ana, agogo oyenda ndi ndodo, njinga, nkhuku, mbuzi ndi alendo, zonse mwaulemu ndi pang'onopang'ono. Kakathamangitsa nkhuku kaletseni nthawi yomweyo ndi mawu amphamvu, ndipo kakamvera kapatseni kachakudya. Banja lonse ligwiritse ntchito mawu amodzimodzi poitana ndi poletsa.

Pali chikhulupiriro choti galu amalondera bwino akatsekeredwa mumdima usana wonse, akamenyedwa, kapena akadyetsedwa tsabola ndi chamba. Galu woleredwa motere amaopa munthu aliyense, ndipo galu wamantha sasiyanitsa mbava ndi mwana wobwera kudzapala moto. Mtima wolondera pakhomo umabwera wokha galu akamakula, kawirikawiri akakwana chaka. Ngati muyenera kumumanga, mangani waya wautali pakati pa mitengo iwiri kuti tcheni chiziyenda, pakhale mthunzi ndi madzi, ndipo muzimumasula tsiku lililonse.

Ana nawonso aphunzitsidwe. Asayandikire galu amene akudya, akugona, wavulala kapena akuyamwitsa. Asamukwere pamsana, kumukoka mchira kapena kuyandikitsa nkhope yawo kukamwa kwake. Asagende galu aliyense, makamaka womangidwa. Galu wachilendo akawathamangira aime chilili ngati mtengo, manja ali m'mbali, osakuwa ndi osamuyang'ana m'maso. Akagwetsedwa adzipinde n'kuphimba mutu ndi khosi ndi manja. Galu akaumitsa thupi, kugonetsa makutu, kuonetsa mano kapena kulira chapakhosi, ndiye kuti akuchenjeza. Chotsanipo mwanayo, ndipo galuyo musamumenye chifukwa chochenjeza, kuopa kuti tsiku lina adzaluma osachenjeza.

Ana ambiri olumidwa amalumidwa ndi galu amene amamudziwa. Choncho khanda kapena mwana wosakwana zaka 6 asasiyidwe yekha ndi galu, ngakhale wofatsa chotani. Mayi akapita kumunda kapena ku mjigo, mwana amene wagonekedwa pa mphasa pakhonde akhale ndi munthu wamkulu womuyang'anira. Ngati pakhomo pali khanda ndipo ntchito yachuluka, ndi bwino kudikira kaye kusiyana ndi kulera khanda ndi kagalu nthawi imodzi.

Langizo langa

Kwa banja la m'mudzi kapena la pa malo ochitira malonda, lopanda mpanda ndipo lili ndi ana aang'ono, nkhuku ndi mbuzi, ine ndimalangiza galu wa lokolo kapena wosakanizika wa msinkhu wapakati, wochokera kwa make wofatsa amene mwamuona ndi maso anu. Ndalama zimene mukanagulira dzina lachizungu mugulire katemera, mankhwala a njoka ndi usipa. Kwa amene ali ndi mpanda, chakudya chokwanira chaka chonse, a vetenale pafupi ndiponso ana opitirira zaka 6, German Shepherd, Ridgeback kapena Labrador akhoza kukhala bwino. Mitundu ikuluikulu yolondera isiyireni amene ali ndi luso ndi malo ake.

Musanatenge kagalu, kambiranani m'banja kuti adzakadyetse ndani, adzasese pabwalo ndani, ndipo adzakapititse ku katemera ndani. Ntchito zimenezi mwini wake akhale munthu wamkulu, ana azingothandiza. Kenaka pitani ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu mukafunse alangizi a ziweto tsiku la katemera wa chiwewe ndi kumene mungapeze mankhwala oyenera.